Ndikurasha, Mayi

Panali mayi wina wamasiye, Nangondo, amene nyumba yake inali m'mphepete mwa msewu wafumbi. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna. Anamuphunzitsa sukulu ndi mtedza wa m'munda mwake, ndipo atakula anapeza ntchito ku bungwe lina la zaulimi, kumene anamupatsa njinga yamoto yoyendera m'midzi.

Sanali mwana woipa ayi. Njira ya ntchito yake inkadutsa pakhomo pa mayi ake, ndipo sankafika chimanjamanja. Lero shuga, tsiku lina sopo, mwina usipa. Anthu ankati Nangondo anabereka.

Koma kusukulu kuja mwanayo anatolako liwu limodzi la Chingerezi limene linamukomera m'kamwa kuposa onse, loti kurasha. Ankalilowetsa paliponse ngati mchere. Kumsonkhano ankarasha. Kumsika ankarasha. Ngakhale kutchalitchi, kumene Mulungu sathawa, ankarashanso.

Mwambo wathu mumaudziwa. Mlendo akafika, ngakhale akhale wobereka wekha, umamuyalira mphasa. Akhale pansi, apume, mulonjerane. Iye anene za kumene wachokera, kenaka iwe unene za pakhomo. Umayamba ndi zazing'ono, za nkhuku ndi za mvula, zazikulu zimadza kumapeto. Nkhani yolemera sauza munthu ali chiimire.

Nangondo anali nayo nkhani yolemera. M'bere lake lakumanzere munatuluka kachotupa kolimba ngati njere ya mtedza. Ku chipatala chaching'ono cha m'deralo anamuuza kuti apite msanga ku chipatala chachikulu cha mumzinda, kakadali kakang'ono, ndipo apite ndi womudikirira. Mumzinda anali asanapondemo. Womutengera kumeneko analipo mmodzi yekha.

Tsono akangomva kulira kwa njinga kumtunda, ankathamangira m'nyumba, n'kutulutsa mphasa, n'kuyala pansi pa mtengo wa mango. Mwanayo ankaima pamsewu, phazi limodzi pansi, injini ikulira, chipewa chili kumutu.

"Mayi, landirani shuga uyu. Muli bwanji?"

"Ndilipo. Takhala pansi, bambo."

"Lero ayi, mayi, ndikurasha. Ndidzakhala ulendo wina."

Fumbi koboo, wapita.

Akanati "ndikufulumira", mayiyo akanamufunsa kuti ukufulumirira kuti, moto wabuka? Koma liwu lachilendo limatseka pakamwa pa munthu amene sanapite kusukulu. Nangondo ankaganiza kuti kurasha ndi chinthu chachikulu cha kuntchito, chimene munthu wamba sayenera kuchidula. Ndipo nkhani ya bere, mayi angaikuwe bwanji kwa mwana wake wamwamuna pamsewu, kupikisana ndi injini, ana a eni akumvetsera? Angainene bwanji pa foni yobwereka, mwini wake ataima pambali? Ankapinda mphasa yake n'kudziuza kuti ulendo winawo afika.

Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola. Kanjere kaja kanakula ngati dzira. Mkono unayamba kulemera, khasu linamukana. Mphasa ankayalabe, tsopano ndi dzanja limodzi.

Tsiku lina analimba mtima. Polandira sopo, anagwira dzanja la mwana wake osalisiya.

"Bambo, ndili ndi mawu."

"Nenani, mayi, ndikumva."

"Si apamsewu."

Mwanayo anayang'ana wotchi, nayang'ana mphasa, naseka mwachikondi. "Inu ndi malonje anu! Mukayamba ndi nkhuku dzuwa lilowa tili pano. Ndisiyeni ndirashe kaye, alimi akundidikira."

Nangondo anatsegula dzanja lake. Anaima pamenepo mpaka fumbi linatha. Kenaka anapinda mphasa ija, naimanga ndi luzi, naiika pamwamba pa mitanda ya denga, pamene sakanaifikiranso ndi mkono wodwalawo. Mtima wake unasweka tsiku limenelo, ndipo sanalire n'komwe. Kuyambira pamenepo njinga ikalira ankangotuluka, n'kulandira, n'kuthokoza. Mwanayo anaona kuti mphasa kulibe, ndipo anakondwa kuti mayi ake azolowera.

Chilimwe chili pakati, mayi wina woyandikana naye nyumba, amene tsopano ankamutungira madzi, anatopa nazo. Atamva njinga anakaima pakati pa msewu, manja m'chiuno.

"Zimitsani chinthu chanucho, achimwene. Lowani m'nyumba muone amene anakuberekani."

Anazimitsa. Aka kanali koyamba kuti pakhomopo pakhale zii iye alipo. Atalowa, fungo la bala linamuuza zonse zimene mayi ake sanamuuze.

Apo ndiye anarashadi. Anapeza galimoto, anawatengera mumzinda, anathamanga m'makonde a chipatala akuitana aliyense wovala zoyera. Dokotala anaona, napukusa mutu, nafunsa chimene anachedwera chonchi. Anawapatsa mankhwala ochepetsa ululu, nawauza kuti abwerere kumudzi.

Atafika kunyumba, mwanayo anakweza maso naona mphasa ija kudenga, itachita kangaude. Anaitsitsa yekha. Anaiyala pafupi ndi pamene mayi ake anagona, navula nsapato, nakhala pansi.

"Mayi, ndakhala. Sindikupita kulikonse. Yambani ndi nkhuku zomwezo."

Nangondo anamuyang'ana. Mkwiyo analibe. Anamusisita dzanja monga ankachitira ali wakhanda.

"Malonje ake ndi aatali, mwanangu," anatero ndi mawu otsika. "Ndipo lero amene ndikurasha ndine."

Mlungu umenewo usanathe, anamuika m'manda. Mphasa yomweyo ndi imene anayala m'manda pansi pa bokosi.

Abale anga, ine nkhaniyi sindiipezera potonthoza, ndipo sindikunamizani kuti ilipo. Shuga yense uja anapezeka m'nyumba, wina wosatsegula n'komwe. Akulu anati kuthamanga sikufika, koma ife tinapeza liwu latsopano lothamangira, ndipo tikalitchula timamva ngati ndife anthu ofunika. Nanenso dzulo lomweli ndalinena. Inu amene mwakhala apa, alipo munthu amene amakuyalirani mphasa, inu n'kumalankhula naye injini ikulira. Pitani mukaone ngati akuyalabe. Mukapeza wasiya, musati wazolowera.