Mchere wa Mkundiza ndi Mapanga Awiri

Inu mudabadwa mchere uli kale m'sitolo, ndiye simungadziwe kuti kale mchere unkamanga ubale wa mitundu ndi kuupasula. Tcherani khutu, nkhaniyi si yoseketsa ayi.

Kudali mudzi wina m'dambo la Chitsukwa kumene dothi lake lidali lamchere. Chimanga chinkangomera n'kupserera, mapira nawonso chimodzimodzi. Anthu akumeneko ankadalira mchere basi. Chilimwe chonse amayi ankapala dothi loyera, kulitcheza m'miphika yoboola, n'kuphika madziwo mpaka manja kung'ambika. Mvula ikayandikira ankakulunga mcherewo m'masamba a nthochi, kuusenza, n'kukausinthanitsa ndi mapira kuseri kwa mapiri. Ulendo umenewo ukalephereka, mudzi wonse unkagona ndi njala chaka chathunthu.

Njira yake inkadutsa pakati pa mapiri awiri, ndipo phiri lililonse lidali ndi phanga lalikulu. Lina lidali la anthu a kwa Ngwaya, linalo la a kwa Tsumba. Mitundu iwiriyi sinkamwerana madzi chifukwa cha mkangano wakalekale wa malo osakako nyama. Mwambo wake udali wakuti wofuna kubisa katundu m'phanga mvula ikam'peza panjira, ayambe wadya mbale imodzi ndi eni phangalo, n'kulumbira kuti mchere wake sudzalowa m'miphika ya adani awo. Makolo a ku Chitsukwa adalumbira kwa Ngwaya, ndipo chaka ndi chaka ankatumizako mitolo ingapo ya ubale.

Tsono kazembe wa mudziwo, amene ankayenda kukalankhula ndi mitundu ina, adali Mkundiza. Munthu wochenjera, inde, pakamwa potsekemera ngati uchi, koma mtima wake sunkakhala pansi. Nanga a kwa Ngwaya akadzagonja pankhondo? Nanga phanga lawo likadzadzaza? Maganizo amenewa adamudya mpaka tsiku lina adazemba, nakwera phiri la Tsumba. Kumeneko adadya nawo mbale imodzi, nalumbira kuti a kwa Ngwaya adawasiya kale. Pobwerera adadzera kwa Ngwaya kukawatsimikizira kuti ubale wa makolo ukadali nganganga. Manyazi adalibe mwana wa munthuyu!

Mlongo wake Nangozo, yemwe ankatsogolera amayi ophika mchere, adaona mitolo ya ubale ikutuluka mbali ziwiri. Adamuitanira kuseri kwa nyumba, namufunsa ngati akudziwa chimene akuseweretsa.

"Wosauka ndi amene ali ndi phanga limodzi, mlongo wanga," adatero Mkundiza. "Ife tili nawo awiri."

"Achimwene, pakamwa panu ndi pamodzi," adayankha Nangozo, nabwerera kumiphika yake.

Kuyambira pamenepo Mkundiza sadaonenso mtendere. Mlendo wa kwa Ngwaya akafika, iye ankathamanga kukam'chingamira kuti asacheze ndi anthu. Wa kwa Tsumba akatulukira, ankamuzungulitsa njira ya kumadzi. Chimene wauza uyu ankachisokoneza ndi chimene wauza uja, chakudya osamukomera, thupi n'kumangotha. Komabe zaka zingapo zidapita osagwidwa, ndiye ankadziyesa katswiri.

Chaka china mchere udachuluka kuposa kale, koma mitambo idafulumira. Adanyamuka mothamanga, amayi mitolo pamutu, abambo pamapewa, Mkundiza patsogolo. Atafika pakati pa mapiri aja, kumwamba kudada bii, mphepo yozizira n'kuyamba kugwedeza udzu. Anthu adamuyang'ana kuti awauze kolowera. Iye adaima. Akakwera kwa Ngwaya, a kwa Tsumba awaona ali paphiri pawo. Akakwera kwa Tsumba, a kwa Ngwaya aona. Adayenda pang'ono chakuno, nabwerera, nayendanso chauko, anthu ali pambuyo pake ndi katundu wolemera. Nangozo atam'kalipira kuti mitambo sidikira munthu, m'pamene adalunjika kwa Ngwaya.

Pakhomo pa phangalo adapeza nkhalamba Chambwinja, wosunga phanga, atakhala pamwala, amuna amikondo ataima kumbuyo kwake. Mkundiza adawomba m'manja mwaulemu, nayamba mawu ake okoma aja. Nkhalambayo idamusiya amalize, kenaka idamusimbira modekha kuti mwezi wathawo kudagwa maliro a mayi wina amene adali ndi abale mbali zonse ziwiri. Paja pamaliro adani amakhala bwalo limodzi. Amayi a kwa Ngwaya adabwera ndi mchere wophikira ndiwo, a kwa Tsumba nawonso adabwera ndi wawo. Poika pansi, mitolo yonse idali ya masamba amodzimodzi, mfundo yake imodzimodzi, mamangidwe a ku Chitsukwa.

"Pitani kwa abale anu atsopano," adatero Chambwinja. "Phanga lino ndi la anthu a mawu amodzi."

Adatsika phirilo chothamanga, madontho oyamba akugwa kale. Amayi ankaphimba mitolo ndi nsalu zawo, ena akupunthwa, ena akulira. Mkundiza ankathamangira kutsogolo, n'kubwerera kudzawafulumiza, mtima uli m'malere. Ankadziuza kuti a kwa Tsumba sangam'kane, popeza adani a Ngwaya ndiwo.

Wosunga phanga la kwa Tsumba, Mpingasa, adawalandira ali chiimire. Mkundiza adagwada. Adalonjeza theka la mcherewo. Mpingasa adapukusa mutu. Mkundiza adalonjezanso mchere wa chaka chamawa, ndi wa chaka chinacho, nati adya nawonso mbale imodzi pomwepo, alumbire pamaso pa anthu onse kuti tsopano zenizeni ndi zimenezi.

"Ulumbira ndi pakamwa pati?" adafunsa Mpingasa. "Wanamiza abale amene adadya ndi agogo ako, nanga ife adzulodzulofe ungatileke? Amayiwa alowe, munthu sitim'kaniza pobisala mvula. Koma katundu wolowa muno ndi wa abale olumbira, ndipo kulumbira kwako kudatha mphamvu."

Mawu asadathe, mvula idakhuthuka. Amayi ena adatula mitolo nathawira m'phangamo. Nangozo adakana kulowa. Adaunjika mitolo imene adatha kuifikira, naigonera pamwamba, koma madzi ankabwera ndi pansi pomwe. Mchere udayamba kusungunuka, madzi ake kumuwawa m'ming'alu ya m'manja, kuyenderera m'matope kutsikira kuchigwa. Thukuta la chilimwe chonse lidapita anthu akuona. Zidali zomvetsa chisoni, ana inu. Mkundiza adangoima pamvulapo, uku phanga, uko phanga, iye ali chonyowa.

Mvula itakata, Nangozo adatola mtolo umodzi wopepuka, masamba okhaokha, naupereka m'manja mwa mchimwene wake.

"Senzani, achimwene. Mukawauze ana kumudzi kuti mapira awo ndi amenewa."

Chaka chimenecho anthu a ku Chitsukwa adadya mizu ya m'dambo. Ngakhale atasankha kazembe wina, mitundu yoyandikana nayo idatenga nthawi yaitali isadakhulupirirenso mawu ochokera m'mudzi umenewo.

Apa m'pamene padachokera mwambi wakuti, "Mapanga awiri avumbwitsa." Tanthauzo lake n'lakuti wofuna kugwira mbali ziwiri zotsutsana amataya zonse, ndipo tsiku la mavuto amasowa pothawira. Kukhala ndi abwenzi ambiri si kulakwa, cholakwa n'kuuza aliyense chimene akufuna kumva. Mwambiwu sunena za munthu mmodzi yekha. Boma limene lero likuti mitengo ikhala chonchi, mawa n'kusintha, kapena dziko limene lilonjeza izi kwa mnansi uyu ndi zosiyana kwa mnansi uja, limatha kuyenda bwino kunja kukali dzuwa. Koma mvula imabwera ndithu. Tsiku limenelo lidzagwada, lidzalumbira, mwina lidzanenadi zoona, ndipo wolimvera sadzapezeka.