Mbira, Gologolo ndi Chithunzi cha Ana a Dokowe

M'zaka zimene nyama zinayamba kukonda makamera, kuphiri la Kamphande kunali Mbira ndi Gologolo. Onse awiri ankajambula zithunzi pongofuna kusangalatsa mtima, osati ngati ntchito, koma akakumana sipankatha mphindi zisanu asanayambe kukangana. Mbira ankati chithunzi chenicheni ndi cha filimu basi. Gologolo ankati filimu inatha ntchito kalekale, dziko linasamukira ku dijito.

Mbira anali wonyada, ndipo chonyadira anali nachodi. Kamera yake inali yachitsulo, yolemera, ndipo filimu imodzi inkangolola zithunzi makumi atatu mphambu zisanu ndi chimodzi, choncho sankadina mwachisawawa. Ankatha kukhala pathanthwe m'mawa wonse, kudikira kuti dzuwa ligwere bwino pa duwa limodzi. Akatero ankalowa m'phanga lake lamdima n'kutsuka filimuyo ndi mankhwala, ndipo zithunzi zikauma nyama zinkachokera kutsidya kwa mtsinje kudzaziona.

Gologolo anali waphuma. Kamera yake inali ya dijito, yopepuka, yokhala ndi kagalasi kumbuyo koonetsa chithunzi nthawi yomweyo. Ankajambula chilichonse chimene chadutsa, kaya gulugufe, kaya mtambo, kaya mchira wake womwe, ndipo chikapanda kumusangalatsa ankangofufuta n'kudinanso.

Loweruka lililonse nyama zokonda kujambula zinkasonkhana pansi pa mtengo wa mkuyu kuonetsana zithunzi. Kumeneko ndiye kunali bwalo la mkangano wa awiriwa.

"Zanuzo n'zongowaza, a Gologolo," ankatero Mbira atatukumula mtima. "Mumadina kambirimbiri n'kumayembekezera mwayi. Ine ndimadina kamodzi, chifukwa ndimadziwa chimene ndikufuna."

"Nanga mukalakwitsa mumadziwa liti, achimwene?" ankayankha Gologolo. "Patapita masiku atatu, mwini chithunzi atafika kale kwawo?"

"Ine sindilakwitsa," ankatero Mbira, ndipo nkhani ankaithera pomwepo.

Loweruka lina pamkuyupo panafika mlendo amene sanagwirepo kamera chibadwire. Anali Mayi Dokowe a kudambo, akuyenda pang'onopang'ono, phiko lakumanzere likukhwekhwereka pansi. Phikolo linathyoka ndi matalala m'dzinja, ndipo linapola mokhota moti sakanathanso kuuluka.

"Ndabwera ndi pempho, abale anga," anatero atakhala pansi. "Dambo lathu likuphwa. Ana anga atatu, Ndaziona, Sungeni ndi Malizani, akunyamuka Lolemba m'mawa kupita kumpoto kumene kuli madzi, ndipo ine sindingawatsatire. Kaya adzabwerera, kaya ayi, sindikudziwa. Ndikufuna chithunzi chawo akunyamuka, choti ndizichiyang'ana."

Kenaka Mbira anadzuka n'kukonza lamba wa kamera yake paphewa.

"Ntchito imeneyi si yamasewera, mayi," anatero. "Isiyeni m'manja mwanga."

"Inenso ndibwera," anatero Gologolo. "Tidzaone kuti mayiwa asankha cha ndani."

Lamulungu lonse Mbira anakhalira kukonzekera. Anapita kudambo kukazonda malo, anayang'ana kumene dzuwa limatulukira, ndipo anasankha chulu chimene chinali chakum'mawa kwa chisa cha adokowe, kuti kuwala kudzachokere kumbuyo kwake. Mu kamera munali mutatsala malo a zithunzi zitatu zokha, koma iye anati zitatuzo zachuluka kale. Anapukuta diso la kamera ndi kansalu kofewa, n'kulitseka ndi chivindikiro chake kuopa fumbi.

Lolemba dzuwa litangotuluka, Mbira anali atakhala kale pachulu chija. Gologolo anafika akuthamanga, n'kukwera mtengo wa mthethe umene unali mbali inayo ya chisa. Asanakhazikike n'komwe anayamba kudina, ketye ketye ketye, osapuma. Mbira anangopukusa mutu n'kuika diso lake pa kazenera kosuzumira.

Kamera ya Mbira inali ya mtundu wakale. Kazenera kosuzumirako kanali pamwamba, kosiyana ndi diso lojambulira, moti wojambula ankaona zonse bwinobwino ngakhale disolo litakhala lotseka. Mbira ankaona bango, ankaona ana atatu aja akutambasula mapiko, ndipo mtima wake unali m'malo. Koma Gologolo, amene anali kutsogolo kwake mumtengo, anaona chinthu chakuda chitamatirira pamaso pa kamerayo.

"A Mbira!" anakuwa. "Kamera yanuyo!"

"Khalani chete!" anayankha Mbira osatembenuka. "Samalani yanu."

Gologolo anatsika mumtengo, anazungulira dambo mwaliwiro, n'kukwera chulu chija ali wefuwefu.

"Achimwene, tamverani, kutsogoloku kuli..."

"Ine ndinayamba kujambula inu mchira usanamere ubweya," anamudula mawu Mbira. "Musandiphunzitse ntchito. Chokani pamenepo!"

Nthawi yomweyo mapiko anamveka phaphapha! Ana a Dokowe ananyamuka. Mbira anagwira mpweya, n'kudina katatu modekha, monga mmisiri. Gologolo, posowa chochita, anatembenukira kudambo n'kudina kangapo ali chiimire pambali pa Mbira, mpaka mbalame zija zinasanduka timadontho kumwamba.

"Chivindikiro chinali chotseka," anatero Gologolo motsitsa mawu. "N'zimene ndimafuna kukuuzani."

Mbira anayang'ana kamera yake n'kuona chivindikirocho chili pamalo pake. Koma anadziuza kuti wachibwezera yekha mwachizolowezi atangomaliza kudina. "Nsanje imeneyo," anatero akuseka. Kenaka anapita kwa Mayi Dokowe, amene anali chiyang'anire kumpoto, n'kuwauza kuti: "Pukutani misozi, mayi. Loweruka mulandira chithunzi chimene dambo lino silinaonepo."

Atafika kwawo analowa m'phanga, anatseka pakhomo ndi chiguduli, n'kuyamba kutsuka filimu ija. Anayeza mankhwala, anawerenga mphindi, anatsukuluza ndi madzi a pakasupe, zonse mwa ndondomeko yake. Atatuluka panja anaitambasula filimuyo moyang'anitsa kumwamba. Maluwa amene anajambula mwezi wathawo analipo, agwape akumwa madzi analipo, koma malo atatu omalizira anali mbee, opanda ngakhale nthenga imodzi.

Mbira anakhala pansi. Anaganiza zodzanena kuti mankhwala anasukuluka, kapena kuti filimuyo inali yokhalitsa, ndipo ankadziwa kuti nyama zikanamukhulupirira. Koma ngakhale zikanamukhulupirira, Mayi Dokowe akanatsalabe chimanjamanja, ndipo ana awo sakanabwereranso kudzanyamuka kachiwiri. Tsiku limenelo sanadye kanthu.

M'mawa mwake anayenda ulendo umene sanauganizirepo pa moyo wake, wopita kumphako kwa Gologolo. Njira yonse ankakonza mawu, ndipo ankayembekezera kusekedwa. Koma atafika anapeza Gologolo atakhala pansi pa mtengo, mchira uli lende, maso ali psuu.

"Munanena zoona," anatero Mbira. "Chivindikiro chinali chotseka. Ndilibe chithunzi."

Gologolo sanaseke. "Ndiye kuti tawapha tonse mayi aja," anatero. "Ine ndinajambula zoposa mazana asanu ndi limodzi, koma mumtengo muja ndinayang'anizana ndi dzuwa. Taonani, zonse ndi zithunzithunzi zakuda, simungadziwe kuti Sungeni ndi uti. Ndaona mazana awiri, maso andipweteka. Ndingozifufuta zonse."

"Musafufute!" anatero Mbira. "Bweretsani kuno."

Aka kanali koyamba kuti Mbira agwire kamera ya dijito, ndipo anachita kufunsa batani loyenera kudina. Anakhala pamthunzi n'kuyamba kuona zithunzizo chimodzichimodzi, mmene ankachitira ndi filimu yake. Gologolo anadzuka, anakhala, anakatola mtedza, anabwerera, anati, "Achimwene, mukungotaya nthawi." Mbira anapitirizabe kuona zithunzizo, ndipo dzuwa linafika pamutu n'kuyamba kupendeka iye akadali pomwepo.

Chakumapeto zithunzi zinasintha mwadzidzidzi. Mdima uja unatha, bango linaoneka lobiriwira, nthenga zinayera. Zinali zija Gologolo anajambula ataima pachulu, dzuwa lili kumbuyo kwake. Choyamba chinali chogwedera, chachiwiri chinadula mitu, koma pa chachitatu chala cha Mbira chinaima.

Ana atatu aja anali atangosiya nthaka, mapiko ali tambalala, madontho a madzi akugwa kuchokera kumiyendo kwawo. Ndaziona anali patsogolo, Sungeni pambuyo pake, ndipo Malizani, wamng'ono pa onse, anali atapotoza khosi kuyang'ana m'mbuyo. M'munsi mwa chithunzicho munali Mayi Dokowe, mlomo uli kumwamba, atakweza phiko lawo labwino lija. Mbira anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi," anatero. "Ndipo ndikuuzeni zoona, a Gologolo, changa chikanatuluka sichikanafika apa. Ine ndinaloza ana okha. Mayi awo ndinawasiya kunja."

"Koma chapendama pang'ono," anatero Gologolo akusuzumira.

"Tichiwongola. Tidule bango lili kumanjali, kuti diso lizithamangira kwa mwana wotembenukayo. Kwinako musakhudzeko."

Anakachisindikiza pa pepala lalikulu ndi makina a gulu lawo. Koyamba Mbira anati thambo layera kwambiri, kachiwiri anati nthenga zatayika, ndipo Gologolo anatsala pang'ono kulira, koma kachitatu onse awiri anakhutira nacho. Masiku awiri otsatira Mbira anasema felemu ya mlombwa yoikamo chithunzicho, anaipala mpaka kusalala, n'kuipaka phula la njuchi.

Loweruka pamkuyu panadzaza, chifukwa aliyense ankafuna kudziwa amene wapambana. Mbira anafika atanyamula felemu ija yokutidwa ndi nsalu, Gologolo akutsatira pambuyo. Nsalu itachotsedwa, nyama zinadzuma pamodzi, kenaka zinayamba kuwomba m'manja.

"Filimu ndi filimu basi!" anakuwa Nungu, amene nthawi zonse ankakhalira kumbuyo Mbira. "Taonani kuwalako! Makamera a masiku anowa angatulutse zimenezi? A Mbira, mwatichotsa manyazi!"

Mawu amenewo anamukomera Mbira m'makutu ngati uchi. Anayang'ana Gologolo, ndipo anaona kuti wangowerama, sakufuna kunena kanthu. Kukanakhala kosavuta kungogwedeza mutu n'kulandira ulemuwo. Mbira anakweza dzanja, bwalo linakhala bata.

"Chithunzichi si changa," anatero mokweza, kuti ngakhale a kumbuyo amve. "Ine ndinajambula ndi kamera yotseka. A Gologolo anandichenjeza kawiri, ine ndinawakalipira. Chimene mukuyamikachi chachokera mu kamera ya dijito, ndipo anajambula ndi iwowa."

Nyama zina zinayamba kunong'onezana, zina zinaseka chamumtima. Gologolo analumphira pamuzu wa mkuyu.

"Zoona, ndinadina ndine," anatero. "Koma ndinaima pamalo amene anasankha a Mbira. Ndipo pa zithunzi mazana asanu ndi limodzi, ine ndinali pafupi kufufuta zonse. Anachipeza ndi iwowa, atakhala pansi tsiku lathunthu."

Mayi Dokowe sankamva n'komwe zimenezi. Anali atayandikira felemu ija, mlomo wawo utatsala pang'ono kukhudza galasi. "Uyu ndi Ndaziona," anatero chapansipansi, "nthawi zonse amafuna kukhala patsogolo. Uyu ndi Sungeni. Ndipo Malizani... kodi anatembenuka? Ine misozi inanditseka m'maso, sindinaone. Mwana wanga anatembenuka kundiyang'ana!"

Anatembenukira khamulo, khosi lawo litawongoka kwa nthawi yoyamba chithyokere phiko. "Bwerani mudzaone ana anga," anatero. "Taonani mapikowo! Ndinawalera ndekha amenewa." Nyama zinafola mzere, ndipo aliyense wofika anauzidwa maina onse atatu, ndi khalidwe la mwana aliyense.

Madzulo a tsikulo Mbira ndi Gologolo ananyamula felemu ija kupita nayo kudambo, wina kutsogolo wina kumbuyo, Mayi Dokowe akuwatsogolera. Njira inali yoterera, ndipo Gologolo, amene sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono, anaponda mosamala ngati wanyamula mazira. Mbira anali atavomera kulakwa pamaso pa phiri lonse, komabe sanayendepo ndi mutu wokwezeka ngati tsiku limenelo. Chithunzicho anakachipachika pa tsinde la mgwalangwa pafupi ndi chisa, choyang'ana kumene mayiwo ankagona, kuti akadzuka m'mawa azionana ndi ana awo.

Phunziro: Luso silikhala m'chida ayi, limakhala mwa wochigwira, ndipo ngakhale katswiri amafunika kumva mnzake akamamuchenjeza. Kunyadira chida chako kumatseka makutu, koma kunyadira ntchito yabwino kumakupatsa mphamvu yovomera kulakwa ndi yopereka ulemu kwa mwini wake.