Nkhuku Imene Bwanamkubwa Adadya

Padali mzungu wina amene adabwera kuchokera ku Mangalande ali wachinyamata, ndevu zisadamere bwino. Boma la atsamunda lidamutuma kukaweruza milandu kumidzi. Ankayenda wapansi, nsapato zili fumbi lokhalokha, ndipo chinenero chathu adachiphunzira mpaka miyambi. Pansi pa mikuyu adaona kambirimbiri momwe ife timathetsera nkhani. Wolakwa amabwera ndi nkhuku ya chipepeso. Wolakwiridwa akaibweza, mlandu ukadalipo. Akailandira n'kuidya, basi, zatha. Mwambo umenewu ankaudziwa bwino lomwe, abale anga, musaiwale zimenezo.

Zaka zidapita, adamukweza pantchito. Adamukwezanso. Potsiriza adakhala Bwanamkubwa wa dziko lonse, wa chipewa cha nthenga, nyumba pamwamba pa phiri, asilikali pachipata. Kumidzi sankapondakonso, anthu ankangowaonera papepala.

Tsiku lina patebulo pake padafika pepala la munthu wina, dzina lake Sandikonda. Kapitao wa pa esiteti adakwapula mkazi wa Sandikonda ali woyembekezera. Sandikonda adatola mpini n'kumenya kapitaoyo kamodzi kokha, kapitao n'kufa. Khoti lidagamula kuti anyongedwe Loweruka. Woti n'kumuchotsa pachingwe adali mmodzi yekha, Bwanamkubwa, pongosaina dzina lake.

Mtima wake unkafuna kusaina. Koma eni maesiteti ankanong'onezana kuti bwanayu ndi wofewa, ndipo ku Mangalande kudamveka mphekesera yoti mfumu ya kumeneko imuveka mendulo. Adaika pepala m'dirowa, nati, "Ndiona mawa."

Lolemba pachipata padafika Nangondo, mayi wake wa Sandikonda. Adayenda masiku atatu, nkhuku yoyera ili m'khwapa. Adagwada n'kuyamba kuwomba m'manja. Bwanamkubwa adamuona ali pakhonde, ndipo tanthauzo la nkhukuyo sadachite kufunsa. Kumubweza, manyazi. Kumuyankha, mantha. Adangouza wophika wake kuti, "Kalandire." Nkhuku idaphikidwa, idafika pambale, iye n'kudya.

Wophika uja adathamangira kuchipata. "Amayi, bwana adya!"

Nangondo adaimba nthungululu mpaka asilikali adaseka. Adanyamuka nthawi yomweyo kubwerera kwawo, kukazira nyumba ndi kuphika thobwa lolandirira mwana wake. Koma pepala lija lidakhalabe m'dirowa. Mawa lidabala mawa linzake. Loweruka kutacha, Sandikonda adanyongedwa popanda wachibale ndi mmodzi yemwe pafupi.

Patapita masabata awiri Nangondo adabweranso, chimanjamanja. Ulendo uno Bwanamkubwa adatsika yekha mpaka pachipata. Mayiyo sadatukwane, sadakuwe. Adangoti, "Bwana, mukadangondibwezera nkhuku yanga. Bwenzi nditakhala pano, n'kumutsanzika mwana wanga."

Munthu amene ankadziwa chinenero chathu mpaka miyambi adangotembenuka n'kubwerera kunyumba yake pamwamba pa phiri.

Mendulo adalandiradi. Adabwerera kwawo, adakalambira m'nyumba yozizira, mendulo ili m'bokosi. Omusamalira ankadabwa kuti nkhalambayi ikangomva tambala akulira inkatseka makutu, misozi ili chuchuchu. Adamwalira osauzako munthu chifukwa chake.

Abale ndi alongo, munthu ameneyu ndimamumvera chisoni, chifukwa sadali chilombo. Adali ngati ine ndi inu. Mnzathu akabwera kudzapepesa timati "zatha", timagwirana chanza pakhomo pa tchalitchi, koma pepala la chikhululuko lili m'dirowa. Iye amapita kwawo akuimba nthungululu, osadziwa kuti mumtima mwathu chingwe chikadamudikira. Bola kumuuza poyera kuti "sindinakonzeke" kusiyana ndi kumudyera nkhuku yake. Mulungu wathu satero. Akalandira mtima wosweka, amasaina tsiku lomwelo.

Tsono ngati alipo amene nkhuku yake mudadya, tsegulani dirowa lero lino. Loweruka silidikira munthu.