Mapira a Pamanda

Bambo, taonani, abwera. Lero pakumeta adzaza bwalo, ena akhalira mpando wanu. Tsiku lija tinkakuikani sanaoneke. Achimwene anu a Gesitoni sanabwere, akuti mwendo. Azakhali a Nachisale, amene munawasunga ukwati wawo utatha, sanabwere. A Yelemiya a kutchalitchi, a Mwatitha, a... ayi, ndilekere pomwepa. Inu gonani, bambo. Awa ndingowauza fanizo basi.

Panali munthu wina amene ankakhala paphiri la m'chipululu. Phirilo linali lotsetsereka moti mbuzi zinkadya zitapendekeka. Mvula inkabwera mwa apo ndi apo, ikagwa n'kuthawa tsiku lomwelo. Masana miyala inkanjenjemera ndi kutentha, ndipo ukayang'ana kumunsi midzi inkaoneka ngati ikuyandama pamadzi amene kulibe.

Dothi la paphiripo linali lochepa. Khasu likangolowa pang'ono, linkalira pathanthwe. Choncho munthuyo ankatsika ndi dengu kukhwawa louma, kukapala dothi limene mvula inakokolola, n'kukwera nalo pamutu. Ankalithira kuseri kwa miyala imene anaindandalika kuti lisathawenso. Anayamba ali mnyamata, mpaka tsitsi la pakati pamutu linatha ndi dengu. Munda wake unali waung'ono, timizere tosanjikizana, kena pamwamba, kena pansi. Koma munkamera mapira ofiira amene sankaopa dzuwa.

Anthu a kuchigwa ankamuseka. "Achimwene, dothi amasenza ngati ufa? Kapena mumaphika lomwelo?" Iye ankangomwetulira, n'kupitirira. Koma chaka chimene chimanga chawo chapsa, ankakwera okha, akupuma pamwala uliwonse. "Odi kuno! Tigawireniko kambewu ka mapira aja." Iye ankawapatsa, osafunsa kanthu.

Munthuyo anamwalira mapira atangomera. Mwana wake anatsika kukanena uthenga khomo ndi khomo.

"Pepa, pepa," anatero anthu. "Tsogola, tikukupeza."

Mwanayo anakwera n'kukhala pafupi ndi mtembo, maso ali kunjira. Ankaona anthu akubwera mumzere, amayi atasenza nkhuni, ankamva ngakhale nyimbo ikukwera nawo. Akaphethira, inali miyala chabe ikugwedezeka padzuwa.

Mwana sakumba manda a bambo ake. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu. Koma adzukulu sanakwere, ndipo m'mawa mwake miimba inayamba kuzungulira pamwamba pa nyumba. Mwanayo anatenga khasu. Dzenje lisanafike m'mawondo anapeza thanthwe. Anayesa pena, thanthwe. Penanso, thanthwe. Anawakulunga bambo ake mumphasa n'kuwagoneka m'dzenje losaya lija. Atabweza zonse zimene anakumba, zinali miyala ndi fumbi, ndipo mphasa inkaonekabe.

Pamaliro munthu aliyense amaponya m'manda dothi lodzaza dzanja. Iye anaima pamenepo yekha, ndi manja ake awiri. Mphepo inkanyamula fumbi lija pang'onopang'ono. Mithunzi ya miimba inkadutsa pamphasa.

Ndiye anayang'ana kumunda. Paphiri lonselo dothi linali pamenepo pokha. Anadziwa kuti akalichotsa sakolola chaka chimenecho, ngakhale chinacho, pakuti dothi limene munthu wasenza moyo wake wonse silibwerera msanga. Anatenga dengu. Anapala mzere woyamba mpaka thanthwe linaonekera, timapira tili momwemo, n'kukathira pamanda. Anapala wachiwiri. Anapala yonse. Pamene dzuwa linkapendeka, bambo ake anali atafunda bwino, ndipo munda unali mwala woyera.

Chaka chomwecho mvula inadula msanga. Chimanga cha kuchigwa chinapsa chisanafike m'chiuno. Anthu aja anakwera, ndipo ulendo uno phiri silinawakanike.

"Odi kuno! Mwanawe, pepa ndi zija. Tinafunitsitsa, koma phirili ukulidziwa. Nanga kambewu kaja kalipo?"

"Kalipo," anatero mwanayo. "Tiyeni."

Anawadutsitsa pamwala pamene panali munda, mpaka pamanda. Pamenepo mapira anali ataima, aatali kuposa munthu, ngala zofiira zikuwerama ndi mphepo. Paphiri ndi m'chigwa monse, otsala anali okhawo.

"Thyolani," anatero mwanayo. "Eni ake ali pansipo. Apempheni monga kale."

Palibe amene anatambasula dzanja. Zomera pamanda sizidyedwa, ndipo palibe amene amazitengera kumunda kwake. Anaima nthawi yaitali, mbalame zikujompha mapirawo iwo akuona. Kenako anatsika chimanjamanja.

Inu amene mwakhala pano, mwamva. Munthu uja sankafuna bokosi lonyezimira kapena nyimbo zambiri. Ankangofuna dothi lodzaza dzanja kuchokera kwa aliyense amene anadyapo mbewu yake. Akanakwera nalo, manda akanadzaza, munda ukanatsala, ndipo iwo omwewo akanadya. Wina akagwa pakati panu, nyamukani tsiku lomwelo. Mukamusiya mwana kuti akwirire yekha, adzakwirira ndi zimene mukanadya mawa, ndipo simudzakhala ndi pakamwa pomufunsira.