Thukuta la Simenti

Panali munthu wina m'tauni amene bambo ake anafa ziwalo. Atatopa ndi kuchapa zofunda, anawachotsa pabedi n'kukawagoneka pamphasa m'kachipinda ka kuseri, pasimenti. Mkuluyo sankatha kudzuka. Mkodzo, thukuta ndi madzi otayika m'kapu zinkathera pansi pomwepo, dzinja lonse. Mchemwali wake wa ku Joni akaimba foni, munthuyo ankati, "Ali pabedi pawo, akugona bwinobwino."

Mkuluyo atamwalira, munthuyo anaitentha mphasa ija. Koma pamene panali mphasapo panatsala banga lakuda, lozizira ukaligwira. Anakolopa ndi sopo. Banga linangoderapo.

Anaitana mmisiri womanga nyumba. Mmisiriyo anadontheza madzi pansi, naona kuti alowa msanga.

"Bwana, simenti si mwala ayi," anatero. "Ili ndi timabowo tosaoneka, ndipo iyi inachuluka mchenga, imamwa kwambiri. Yalanipo pulasitiki. Mukapeza thukuta kunsi kwake, tsegulani chitseko, iume yokha. Chimene yamwa pang'onopang'ono imabweza pang'onopang'ono. Musapakepo kanthu."

M'mawa pulasitiki inali ndi madontho kunsi. Koma mchemwali uja anali kale m'basi, akubwera kudzaona manda, ndipo munthuyo anachita mantha. Anagula penti wofiira, napaka mochindikala, kachipinda n'kuwala ngati katsopano. Anadziona wochenjera. Paja fulumira anadya gaga.

Mchemwaliyo atafika anapeza nyumba yodzaza ndi abale, choncho anayala zogonera zake m'kachipinda kowalako. Panapita masiku. Tsiku lina masana, dzuwa litawotcha malata, anaitana chapansipansi.

"Achimwene, tabwerani."

Penti anali atatupa matuza. Sanatupe paliponse. Matuzawo anatsata maonekedwe a munthu wogona: mutu, msana wokhota, mawondo opinda, ndi mkono umodzi wotambasukira kuchitseko. Onse awiri akuyang'ana, tuza limodzi linaphulika lokha. Madzi anayenderera, fungo la wodwala n'kudzaza chipinda.

Mchemwaliyo anagwada, naika dzanja lake pamene panathera mkono uja.

"Ankaitana ndani, achimwene?"

Mchemwaliyo ananyamula chikwama chake natuluka, ndipo sanamutchulenso kuti achimwene mpaka lero.

Inu amene muli ndi wodwala pakhomo, ndikudziwa kuti kudwazika n'kotopetsa, ndipo sindikukudzudzulani chifukwa chotopa. Mukatopa nenani, abale akuthandizeni. Koma musamukankhire kuseri n'kumauza anthu kuti ali bwino. Nyumba imamwa zimene timachitiramo. Penti mungapake, koma tsiku lotentha likubwera, ndipo wokhala m'chipindamo tsiku limenelo adzakhala munthu amene simunafune kuti adziwe.