Kakombo wa Nachisale

Chaka chimene mpingo wawo unkakonzekera chikondwerero cha jubile, pakhomo pa Faines ntchito zambiri zidagona. Mtedza udakhala m'thumba wosaswa, nkhuku zinkalowa mpaka kukhitchini, mwini wake ali pakhonde maso ali pafoni. Faines adali wapampando wa amayi a Chigwirizano patchalitchi china cha ku Nachisaka, uko mapiri a Dowa amakumana ndi a Ntchisi. Adali mayi wakhama ndiponso wamtima wabwino, koma khutu lake linkamva bwino mawu oyamikira okha. Ena onse ankalowera uku n'kutulukira uko.

Chimene chidamukhazika pafoni ndi nsalu. Akulu a mpingo adagwirizana kuti pajubilepo aliyense adzavale chitenje chosindikizidwa mwapadera, ndipo monga mwa nthawi zonse ankafuna kuikapo tchalitchi ndi Baibulo lotsegula. Faines adaimirira pamsonkhano n'kupempha kuti ulendo uno pakhale duwa. Sankanena duwa wamba ayi. Kutsogolo kwa tchalitchicho kudali mzere wa akakombo ofiira amene adadzala mayi ake, malemu a Nachisale. Mayiwo adasesa pabwalopo ndi kuthirira maluwawo mpaka msana udapindika, madzi akukatunga kudambo, koma pamwala wa maina a anthu omanga mpingo padali amuna okhaokha. Zimenezi zinkamuwawa Faines, ndipo sankabisa. A Enoki, mlembi wa mpingo, adavomera monyinyirika. Adati abweretse chithunzi chooneka bwino osindikiza asadayambe ntchito, apo ayi tchalitchi ndi Baibulo zibwerera pamalo pake.

Akakombo amenewa amamasula mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo sakhalitsa. Atangomasula, Faines adavala yunifolomu yake n'kupita kukajambula dzuwa lili paliwombo, poti ankati kuwala kukachuluka ndiye kuti chithunzi chikoma. Adaima chilili chapatali kuti mzere wonse ulowe. Udalowadi, pamodzi ndi thanki yamadzi, khoma la chimbudzi, njinga ya abusa ndi mthunzi wa mutu wake womwe. Atafika kunyumba adaona kuti kufiira kwachepa, choncho adakuwonjezera ndi zokometsera za m'foni mpaka masamba adaoneka ngati apulasitiki. M'mbali adaikamo timitima, pamwamba vesi, pansi nkhunda zoyera.

Zithunzizo adazitumiza pagulu la Watsapu la amayi. Inu mukuwadziwa anthu akwathu: ndani angauze wapampando kuti ndiwo zake zawawa mchere? Wina adati n'zokongola zedi, wina adati Mulungu adalitse manja amenewa, ambiri adangotumiza timanja topemphera. Ena, kunena zoona, sadazitsegule n'komwe poopa kutha bandulo. Faines adawerenga mayankho onsewo mobwereza, mtima uli myaa.

Mmodzi yekha ndi amene sadayankhe pagulupo. Ameneyu adali Tabita, mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, yemwe adagwira ntchito zaka zambiri m'situdiyo yojambula zithunzi ku Lilongwe asadabwerere kumudzi kudzalima soya. Tabita sankapsatira mawu, ndipo awiriwa ankalonjerana bwino koma mitima ili patali. M'malo molemba pagulu, adabwera yekha m'mawa n'kumupeza Faines akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, kumene kudalibe wina womvetsera.

"Alamu, zithunzi zija ndaziona," adatero Tabita atatha malonje. "Koma ndifunse nawo, m'menemo duwa lili pati?"

"Simukuliona? Ladzaza mzere wonse."

"Ine ndaona thanki, ndaona njinga ya abusa, ndaonanso kuja timapita tikakhuta. Kakombo wa amayi ndachita kumufunafuna."

Tabita adatenga foniyo, n'kuika zala ziwiri pagalasi, kukoka chithunzi mpaka thanki ndi chimbudzi zidatuluka kunja. Adafotokoza kuti diso la munthu likalowa m'chithunzi limafuna malo amodzi oti likhalepo, ndipo ukalipatsa zinthu zambirimbiri limangoyendayenda n'kutuluka lisadaone kanthu. Adati dzuwa la masana limadya mtundu wa duwa. Adatinso duwa sulijambula uli chilili ngati ukusuzumira m'chitsime, koma umagwada mpaka nkhope yako ifanane nalo msinkhu. Za timitima ndi nkhunda adangoti zichoke zonse.

Faines adapsa mtima. Iye, wapampando, agwade m'fumbi ndi bulauzi yoyera anthu akudutsa? Nanga amayi onse ayamikira aja, onsewo alibe maso? Adalanda foni yake n'kunena kuti nsanje ndi matenda, ndipo anthu ena akangokhalako kutauni amayesa nzeru zonse adabwera nazo m'chikwama mwawo. Tabita adangoti maluwa sadikira munthu, n'kutsanzika. Tsiku lomwelo Faines adapereka zithunzi zake kwa a Enoki, nkhunda ndi timitima zili momwemo.

Yankho la osindikiza lidachedwa, ndipo mmene linkafika akakombo adali atafota. A Enoki adamuitanira kuofesi ya mpingo. Adalankhula mwaulemu, akupukutapukuta magalasi awo, koma nkhani yake idali yowawa. Osindikiza adati pachithunzicho palibe chimene angaike pansalu. Akakulitsa duwa limodzi limasanduka phala lofiira, akachisiya chonse ndiye kuti mpingo wonse udzavala chimbudzi kumbuyo. A Enoki adamaliza ndi kunena kuti ntchito iyamba sabata yamawa, ndipo chithunzi cha tchalitchi ali nacho kale.

Faines adatuluka muofesimo. Adaima patsogolo pa mzere uja, maluwa onse atagwetsa mitu, atada ngati fodya wouma. Adamva manyazi, koma chisoni chidaposa manyaziwo, chifukwa adadziwa kuti amene wawamana amayi ake ulemu si akulu a mpingo koma iye mwini. Pobwerera adadutsira pamjigo, ndipo nkhani idali itafikapo kale. Mayi wina, mmodzi mwa amene adadalitsa manja ake pa Watsapu, adamupepesa n'kunena kuti nawonso adaona kuti chimbudzi chija sichidayenere, kungoti akadayambira pati kuwauza apampando. Mawu amenewa adamulasa kuposa a osindikiza aja.

M'mawa mwake adapita kukasesa patchalitchi, poti pakhomo padamukanika kukhala. Akusesa kuseri, pamthunzi wa mtengo wa mango, adaona kakombo mmodzi wochedwa. Dzuwa silinkafikapo bwino pamenepo, choncho pamene anzake ankafota, iye adali asadamasule n'komwe. Faines adasiya tsache pomwepo.

Kwa Tabita kudali pafupi, koma tsiku limenelo njira idamutalikira. Adamupeza akupeta soya. Adakhala pansi pamphasa, osadikira mpando.

"Alamu, ndabwera ndi manyazi anga. Munanena zoona tsiku lija, ine ndinakulalatirani. Latsala duwa limodzi lokha. Chonde mukandijambulire."

Tabita adaika lichero pansi.

"Kujambula ayi. Duwa ndi la amayi anu, diso likhalenso lanu. Ine ntchito yanga ikhala kukutsutsani, ndipo ndikutsutsani mpaka mutope nane."

Adayambira pomwepo. Adatsegula zithunzi zakale zija chimodzichimodzi, n'kumamufunsa Faines kuti anene yekha chimene chikusokoneza diso. Poyamba Faines sankaona kanthu, kenaka adayamba kuona zonse: apa waya wamagetsi, apa khoma lapendekeka, apa duwa ladulidwa khosi. Koma sizidali zodzudzula zokhazokha. Pakati pa zithunzizo padali chimodzi chimene adangochijambula mwangozi akutsitsa foni, duwa lili chakumbali, kumbuyo kwake kuli phiri lokha. Chidali chosaoneka bwino chifukwa dzanja lidagwedera, koma Tabita adakhalitsa pa chimenecho. Adamuuza kuti diso ali nalo, vuto ndi loti amafuna kuonetsa zonse nthawi imodzi.

Kakombo uja atamasula, awiriwo adalawirira dzuwa lisadakwere. Faines adasiya yunifolomu m'sutikesi, adangomanga chitenje chakumunda. Choyamba Tabita adamuuza kuti apukute diso la foni, lomwe lidali ndi mafuta akukhitchini kuyambira tsiku limene foniyo idagulidwa. Kenaka Faines adagwada n'kujambula. Tabita adayang'ana n'kupukusa mutu: ngodya ya tchalitchi yalidula duwa pakati. Faines adasuntha n'kujambulanso. Tsopano thunthu la mango linkaoneka ngati lamera pamutu pa duwa. Adasunthanso. Ulendo uno duwa lidakhala pakatikati, lili njo ngati munthu wa pachitupa, ndipo Tabita adati alikankhire chakumbali, asiye mpata mbali imene layang'ana. Faines adachotsa tsamba louma, adatola kajumbo kamene kankawala chakumbuyo, adajambula, adafufuta, adajambulanso. Thukuta lidayamba kutuluka, mawondo akuwawa, ndipo kangapo konse mawu oyankha mwamwano adafika pakamwa koma adawameza.

Mapeto ake adagona chafufumimba, zigongono zili m'fumbi. Amayi opita kumjigo adaima ndi zidebe zawo kuonerera apampando akukwawa, ena akugwira pakamwa kubisa phwete. Faines sadawaone n'komwe. Ali pansipo, khoma ndi mtengo zidasowa. Kumbuyo kwa duwa kudatsala phiri la ku Ntchisi lokha, lobiriwira motuwa chapatali, ndipo dzuwa linkalowa chakumbali kudutsa m'duwamo mpaka lidayaka ngati khala la moto. Adagwira mpweya n'kudina.

Tabita adalandira foni ija. Adachiyang'anitsitsa chithunzicho, ulendo uno osapukusa mutu. Kenaka adamubwezera n'kumulozera zoti akonze yekha. Adule pang'ono pansi pamene dothi lachuluka. Awongole mzere wa phiri, umene udapendekera kumanzere. Achepetse kuwala pang'ono chabe. Chala cha Faines chitayamba kulowera kumene kuli zowonjezera mtundu, Tabita adachigwira.

"Basi, alamu. Mukachigwiranso muchiwononga."

Faines atachipititsa kuofesi, a Enoki adavala magalasi, adaiika foniyo patali, adaibweretsa pafupi, adafunsa kuti wajambula ndani. Atauzidwa, adayang'ana zigongono za Faines zomwe zidali zikadali mbuu, ndipo sadafunsenso. Adachitumiza nthawi yomweyo. Chitsanzo cha nsalu chitabwera kuchokera kwa osindikiza, duwa lidali lalikulu, lofiira, kumbuyo kwake kuli kobiriwira, tchalitchi chili chaching'ono m'munsi mwake. Akulu a mpingo adakhala pansi kuti akambirane, koma padalibe chokambirana.

Jubile idachitika mvula itayamba, akakombo enieni atalowa kale m'nthaka. Komabe tsiku limenelo bwalo lonse lidamasula. Anthu adatsika m'mapiri wapansi, ena adabwera pamalole kuchokera ku Bowe ndi ku Madisi, ndipo duwa lija lidali paliponse: m'chiuno mwa amayi, pamitu pawo, pambereko za makanda, pamalaya a azibambo, ngakhale pajekete ya a Enoki amene adalivomera monyinyirika aja. Faines akudutsa m'khamulo, mayi wina wokalamba woyendera ndodo, yemwe ankaimba kwaya ndi malemu aja, adamuimitsa. Adasisita chitenje chake.

"Uyu ndi wa Nachisale uyu," adatero. "Ndamudziwa. Wafika nawo pajubile mnzanga."

Faines adalira, ndipo sadabise misozi yake, chifukwa idali yachimwemwe.

Nthawi ya zolankhula itakwana, wapampando wa amayi adaitanidwa kutsogolo, nthungululu zili pakamwa pa mayi aliyense. Amene adamuyamikira pachithunzi cha chimbudzi chija ankamuyamikiranso chimodzimodzi, mokweza mofanana. Faines adalowa m'khamu, adamugwira Tabita padzanja n'kumukokera kutsogolo, mwini wake akukana. Adauza mpingo kuti dzanja limene lidadina lidali lake, koma chikhala kuti mlamu wakeyu sadabwere kuseri kwa nyumba kudzamuuza mawu owawa, bwenzi lero palibe wavala duwa. M'manja mudawombedwa mpaka makanda adadzidzimuka kumsana.

Wojambula amene mpingo udaitana adafika kutsogolo kwawo n'kukweza kamera. Tabita, akumwetulira anthu, adasendera kukhutu kwa Faines.

"Alamu, duku lanu lapendekeka."

Faines adaliwongola msangamsanga, osafunsa ngati amayi ena aonanso chimodzimodzi, ndipo awiriwo adajambulidwa akuseka. Akuluakulu sadaname ayi: wakutsina khutu ndi mnansi.