Tayala la a Gwaza pa tsiku la ukwati

Ana inu, mwambi suphuka wokha ngati bowa. Pamakhala wina amene adalira kuti ubadwe. Anthu a ku Tsangano amati mwambi umene ndikuuzeni lero udabadwa ndi misozi ya a Gwaza, ndipo nkhani yake imakwiyitsa aliyense woifotokoza.

A Gwaza adali mlimi wa mbatata ya kachewere, munthu wakhama koma wamakani osaneneka. Chaka china mbatata itachita bwino, adagula galimoto yoyera yochokera kunja. Kuyambira pamenepo pamudzi palibe amene adawatsutsanso, poti aliyense ankafuna kukwera.

Msewu wa kwawoko udali wafumbi ndi wamiyala, wogwedeza munthu mpaka mano kuwombana. Choncho a Gwaza adatengera nzeru ya madalaivala ena, yophwetsa matayala pang'ono kuti galimoto iziyenda mofewa. Koma galimotoyo idali ndi kanyale kachikasu kuseri kwa chiwongolero, kamene kamayaka mpweya ukachepa m'tayala. Kanyaleko kadawanyansa kwabasi. Ankati galimoto adagula ndi iwo, ndiye ingawalangize bwanji mwini wake? Adatenga kapepala kolembedwa vesi n'kumata pamenepo. Poyesa mpweya ankangomenya tayala ndi nsapato, basi, ngati kuti phazi lawo lidapita kusukulu.

Ndiye lidafika tsiku la ukwati wa Ndaziona, mwana wawo mmodzi yekhayo wamkazi, amene ankamukonda koposa galimoto ndi munda womwe. Ukwati udali wokadalitsidwa kutchalitchi cha kwawo kwa mwamuna, ku Balaka, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Kumbuyo kudakhala mkwatibwi pakati pa amayi awiri amvano. Kutsogolo kudakhala Nasibeko, msuweni wa a Gwaza, mayi wosadziwa kubisa mawu. M'buti adathithikiza matumba a mbatata ya paphwando mpaka galimoto idakhala pansi ngati nkhuku yofungatira.

Atafika pamphambano pamene msewu wafumbi umakumana ndi wa phula, adaima kuti apukute fumbi ndi kukonza maluwa a pagalimoto. Nasibeko adali ataona kuwala kwachikasu kukusuzumira m'mphepete mwa kapepala kaja ulendo wonse. Potsika adapeza tayala lakumbuyo litafutukuka m'mbali. Adawauza asuweni ake kuti apopetse, poti wopopa matayala adali pomwepo patsidya pa msewu. Adati tayala lofewa likamathamanga paphula lotentha, katundu ali pamwamba, limapindikapindika n'kutentha mpaka kuphulika.

A Gwaza adamenya tayalalo ndi nsapato n'kunena kuti lili bwino, ndipo abusa akudikira. Nasibeko adabwereza. Iwo adatembenuka kuti akakwere. Apo mayiyo adawagwira khutu, n'kulitsina, n'kuwakokera pansi mpaka nkhope idayandikira tayala.

"Asuweni, yang'anani ndi maso, osati ndi nsapato. Muli mwana m'galimotomu."

Paubwana wawo kutsinana kotere kudali masewera a chisuweni. Koma lero a Gwaza adali mu suti, ndipo ogulitsa kabichi pamphambanopo adafa nalo phwete. Mkwiyo udawakwera. Iwo, mwini galimoto, bambo a mkwatibwi, kukokedwa khutu ngati mwana wakuba ndiwo!

"Nasibeko, wandichititsa manyazi pa anthu. Galimoto yanga sukweranso. Ukwatiwo ukaumvera kwa anzako."

Adamuponyera kachikwama kake pansi. Amayi amvano aja, amene nawonso adaliona tayalalo, adangoti achita bwino bambo, mayiyo ndi wansanje. Ndaziona adafuna kulankhula, koma mkwatibwi amayenera kuzolika, ndiye adangoweramitsa mutu.

A Gwaza adaponda moto, khutu likuyaka, mtima ukuyaka koposa. Ankathamangitsa galimoto ngati akuthawa kuseka kuja. Chiwongolero chidayamba kulemera ndi kukokera mbali imodzi, iwo n'kumati ndi mphepo. Potsetsereka pena tayala lidaphulika, phuu! Galimoto idapepeluka, idasiya msewu, n'kukagubuduzika m'ngalande. Mbatata zidamwazika tchire lonse.

A Gwaza adatuluka ndi zokalika chabe. Amayi amvano adatuluka akulira, ndipo mawu awo oyamba adali akuti iwo adaona kuti tayala lidali lakuphwa, koma adaopa kunena. Zoona, adaopa kutsitsidwa m'galimoto kuposa kuopa imfa ya mwana wa mnzawo! Ndaziona yekha sadatuluke. Mwendo wake udali utapanikizika ndi mpando, utathyoka pawiri.

Minibasi yoyamba kuima pamalopo idali imene Nasibeko adakwera powatsatira. Sadanene kuti ndinakuuzani. Anthu atamutulutsa Ndaziona m'galimoto, Nasibeko adavula chitenje chake, adamanga mwendo wa mwanayo ndi timitengo, n'kumunyamula pamiyendo mpaka kuchipatala. Ku Balaka anthu adadikira mkwatibwi mpaka nyama idazizira m'miphika.

A Gwaza atalowa m'chipinda cha odwala, mwana wawo adawayang'ana n'kuwafunsa:

"Ababa, khutu lanu lasiya kale kupweteka. Nanga mwendo wangawu udzasiya liti?"

A Gwaza adatuluka panja, adakagwada pamaso pa Nasibeko anthu akuona, n'kulira ngati mwana. Adati mwa onse amene adakwera galimoto yawo, mbale weniweni adali mmodzi, ndipo ndi amene iwo adamutaya pamsewu. Ukwati udachitika miyezi ingapo pambuyo pake, koma Ndaziona adalowa m'tchalitchi ndi ndodo, ndipo adatsimphina moyo wake wonse.

N'chifukwa chake akuluakulu amati, wakutsina khutu ndi mnansi. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene amakuchenjeza, ngakhale mawu ake akuwawe kapena akuchititse manyazi, ndiye amene amakufunira zabwino. Okuwombera m'manja ambiri amangosamala malo awo pafupi ndi iwe. Wokuchenjezayo angakhale mbale, mnzako, ngakhale kanyale ka m'galimoto kokuuza kuti tayala likufuna mpweya. Mukamukana, ana inu, dziwani kuti nthawi zambiri wovulala simukhala inu. Amakhala amene mwamunyamula.